Ulendo wathu wa ku Nyanja ya Chilwa

Anzanga a m'gulu lathu la ofufuza a nthambi zosiyanasiyana, ndalemba kuti amene simunapite musamangomva za m'maluwa. Tinanyamuka ku Zomba m'mamawa kulowera ku Kachulu, ndiye tisanafike minibasi inatitimira m'dothi lakuda lija, onse tsikani! A Tcheya anakankha ndi nsapato zoyera zija, a Msungichuma ali pambali kujambula vidiyo, mpaka lero a Tcheya akuti ya sopo ichoke m'thumba la gulu kkkk. Anyamata a kabaza ndi amene anatitulutsa, zikomo kwambiri abale athu.

Nkhani yeniyeni inabuka pa nkhomaliro, nsima ya mgaiwa ndi matemba okazinga, mbale yachiwiri palibe anakana. Achimwene athu a za madzi akuti nyanjayi imaphwa chifukwa ndi yosaya komanso ilibe mtsinje wotulukira, mvula ikavuta zaka zotsatizana madzi amangouma ndi dzuwa. A zankhalango akuti ayi musaiwale matope omwe Likangala, Domasi ndi Phalombe akutsitsa poti mitengo kumtunda yatha. Apa achemwali athu a za chikhalidwe cha anthu anapsa mtima zenizeni, akuti inu mumalemba pulopozo nokha, mafunso mwasankha kale, ife mumatiitana kumapeto kuti tikakuyendetsereni mafomu m'midzi basi. Panali zii. Ine ndili kumbali yawo ndipo sindibisa, kafukufuku wotere amangokhala ndi dzina loti wa pamodzi.

Anatiyanjanitsa ndi agogo ena asodzi omwe amamvetsera chapafupi. Anatikumbutsa za 1995 pomwe nyanja inaphwa anthu nkumapita ku chilumba cha Chisi wapansi, ndi za 2018, nkunena kuti iwo chowadetsa nkhawa ndi maiwe a m'mitsinje momwe matemba ndi milamba zimabisala nyanja ikaphwa, chifukwa akaonongeka nsomba sizibwerera msanga. A zaumoyo anawonjezera za kolera kwa asodzi ogona pa zimbowera, tinyumba toyandama pa nyanja. Palibe mwa ife anali nazo zonsezi mu notibuku imodzi.

Za maphunziro mwachidule: Chilwa ndi malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa Ramsar, pangano la mayiko loteteza madambo. Akatswiri a nthambi zosiyana a yunivesite anayifufuza limodzi kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo mu 2010 mabungwe a LEAD (a zachilengedwe), WorldFish (a za nsomba) ndi FRIM (ofufuza za nkhalango) anayamba pulogalamu ya kusintha kwa nyengo ndi thandizo la Norway. Tagwirizana kuti funso la kafukufuku tizilipanga tonse tsiku loyamba, asodzi ndi amayi oumitsa nsomba alipo, ndipo deta ikhale malo amodzi.

Zikomo a mfumu potilandira, amayi otiphikira, a dalaivala, ndi inu a "GPS yafa" omwe munatisocheretsa kawiri pobwerera. A Msungichuma, vidiyo ija tikuyidikira pa WhatsApp.