Masekondi 10 a pa Baker Street

Popeza chithunzi chija chazungulira kale m'magulu onse a WhatsApp, mpaka chafika kwa abusa athu amene sindinawatumizire, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha zimene zinachitika, ena asanawonjezere kuti ndinagona m'chitokosi ku London. Sindinamangidwe, sindinalipitsidwe ngakhale khobidi limodzi, ndipo dzanja limene likuoneka pafupi ndi khutu langa silinali kundimenya mbama. Linali kuloza kamera.

Mwana wa achemwali anga ananditengera ku Baker Street chifukwa ndi imodzi mwa masiteshoni oyambirira a sitima zapansi panthaka, otsegulidwa mu 1863 pamene sitimazi zinayamba kuyenda pakati pa Paddington ndi Farringdon. Nditaona denga lanjerwa lokhota lija, ndinati malo otere sajambulidwa ndi foni ngati mbale ya nsima ya pa ukwati. Ndinali nditavala suti yanga yabulauni, ndipo m'chikwama munali kamera yeniyeni pamodzi ndi choimikira chake cha miyendo itatu, zimene ndinabwereka kwa mnzanga wojambula maukwati ku Ndirande. Mwana wa achemwali angayo atapita kukawerenga mapu a pakhoma, ndinatambasula miyendo itatuyo pamalo odikirira sitima, ndinayatsa fulashi poti kunali mdima, ndinatchera kamera kuti idzijambule yokha pakatha masekondi 10, kenako ndinathamanga kukaima mwaulemu, dzanja limodzi m'thumba.

Sekondi yoyamba isanathe, chinkuzamawu chinalankhula m'Chingerezi chofatsa, kupempha bambo wina wovala suti yabulauni kuti achotse chipangizo chake msanga. Ndikuvomera kuti ndinamva mawu onse bwinobwino. Chimene sindinamve n'chakuti bamboyo ndinali ine. Ndinatembenuza maso okha, mutu uli chilili chifukwa cha chithunzi, kufunafuna munthu wopanda mwamboyo, ndipo ndinapezadi mkulu wina wajekete yofiirira amene ankangodya nthochi yake mwamtendere. Ndinamuyang'ana ndi diso lija limene timayang'ana nalo mwana wosokosa m'tchalitchi, ndipo mumtima ndinati anthu ena amachititsa manyazi mtundu wawo.

Pofika sekondi yachinayi, mayi wina wantchito pa siteshonipo anali ataima pambali panga, chovala chake chowala ngati lalanje lakupsa. Apa mpamene ndikufuna anzanga ondisekawo adziike m'malo mwanga. Kutsogolo kwanga kagetsi kofiira ka kamera kanali kuphethira, kuwerenga nthawi, pamene kumanzere kwanga munthu waudindo anali kundilankhula. Kumuyankha kukanatanthauza kutsegula pakamwa ndi kuwononga chithunzi chimene ndinachiyendera ulendo wa tsiku lathunthu m'ndege. Choncho ndinasankha chithunzi. Ndinapitiriza kumwetulira, mano onse pamtunda, maso ali pa kamera, ndipo kudzera m'mipata ya manowo ndinati, m'Chichewa, "Tadikirani pang'ono, mayi." Iwo anabwereza mawu awo pang'onopang'ono, monga mmene amalankhulira ndi munthu amene akumukayikira ngati zonse zili bwino m'mutu. Ine ndinamwetulirabe. Anthu a tsidya lina la njanji anasiya kuyang'ana mafoni awo, mkulu wa nthochi uja anasiya kutafuna, ndipo sekondi yachisanu ndi chiwiri inatenga nthawi yokwanira kuti ndikumbukire machimo anga onse kuyambira ku pulayimale. Sindinadziwe kuti masekondi 10 angatalike kuposa ulaliki wa pa maliro a mfumu.

Fulashi inang'anima ndendende pamene mutu wa sitima unatulukira mumdima. Ndisanapume n'komwe, inang'animanso, kenako kachitatu, chifukwa mnzanga wa ku Ndirande uja anaitchera kuti izijambula katatu motsatizana, kuopa akwati ophethira. Chithunzi chimene muli nachocho n'chachitatu, ndipo n'chifukwa chake nkhope yanga ikuoneka ngati ya mbuzi imene yaona mpeni koma ikuyesabe kusangalatsa alendo.

Mayiwo, kunena zoona, anandifotokozera mwaulemu. Kujambula ndi foni kapena kamera yaing'ono uli paulendo wako sikuletsedwa. Choletsedwa ndi fulashi, chifukwa imathobwa m'maso woyendetsa amene akuchokera mumdima, komanso choimikira cha miyendo itatu, chifukwa munthu angapunthwepo n'kugwera pa njanji zimene zimayenda magetsi. Ojambula zamalonda amayamba apempha chilolezo. Mwachidule, pa zinthu ziwiri zoletsedwa, ine ndinakwanitsa zonse ziwiri pa nthawi imodzi, zimene ena angazitche luso.

Komabe mundimvetse. Ndinakulira kumene wojambula amalemekezedwa, kumene ngakhale m'busa amaimitsa mwambo kuti fulashi igwire bwino. Sitima imene ndinaizolowera ku Limbe imapatsa munthu mpata wojambula, kugula chimanga chootcha ndi kutsanzikana ndi mudzi wonse, pamene za ku London zimangotsatizana pakangopita mphindi zochepa ngati zikuthamangitsidwa ndi angongole. Ndani akanandiuza kuti kuwala pang'ono chabe kungakhale mlandu?

Mwana wa achemwali anga, amene nthawi yonseyi anali kuwerenga mapu aja mwakhama ngati sanandionepo chibadwire, anabwera mayiwo atachoka. "Amalume, muthokoze kuti kuno si ku Tashkent," anatero, n'kundiuza kuti kumeneko, ku likulu la dziko la Uzbekistan, kujambula m'masiteshoni apansi kunali koletsedwa kotheratu mpaka 2018, chifukwa ankawawerengera ngati malo achitetezo cha dziko. Ndinayamikira chitonthozocho, osadziwa kuti madzulo ake iye yemweyo ndi amene adzatumize chithunzicho kwa amayi ake.

Mwendo umodzi wa choimikira chija unakana kupindika, mwina chifukwa cha mantha, moti ndinakwera nacho sitima chili chitambasulire, ndikupepesa aliyense amene chinamukola mpaka ku Paddington. Mwini wake akuti ndimulipire mwendowo. Denga lanjerwa lija silikuoneka pa zithunzi zonse zitatu.