M5 F10 isinthidwe ndi E63 S, kapena ingokonzedwa?

Funsoli limakonda kubwera galimoto ikamayandikira makilomita 100,000. BMW M5 ya F10 ili pakhomo, ikuyenda bwinobwino, koma maso ayamba kugwera pa Mercedes-AMG E63 S ya W213, mwinanso pa mng'ono wake wa M5 yomweyo, ya F90. Wogulitsa wanena kale mawu ake a masiku onse, akuti musiye yanuyo n'kuwonjezerapo pang'ono. Musanamuyankhe, tchulani chinthu chimodzi chimene F10 ikukusowetsani nacho mtendere. Madandaulo ena amathadi mukasintha galimoto, koma ena amakutsatirani atangovala malaya ena.

Ngati dandaulo lanu ndi mphamvu, sungani ndalama zanu. F10, yomwe inkapangidwa kuyambira 2011 mpaka 2016, ili ndi injini ya V8 ya malita 4.4 yokhala ndi ma turbo awiri, ndipo imatulutsa 412 kW ndi 680 Nm. E63 S, yomwe inatuluka mu 2017, ili ndi V8 ya malita 4.0 yotulutsa 450 kW ndi 850 Nm. F90 ili pakati, 441 kW ndi 750 Nm. Galimoto ikakhala kuti yathamanga kale, zitatuzi zimakankha msana mofanana ndithu, moti popanda wotchi n'zovuta kunena yomwe yapambana.

Pamene zimasiyaniranadi ndi momwe mphamvuyo imafikira pa phula. F10 imayendera matayala akumbuyo okha. Mukaponda mafuta ponyamuka pa roboti, kapena potuluka pa kona mvula itagwa, kanyali kachikasu ka DSC, makina oteteza galimoto kuseleleka, kamayamba kuphethira ndipo kompyuta imadula mphamvu kuti matayala asaseleleke. N'chifukwa chake imatenga masekondi opitirira 4 kuti ifike pa 100, pamene E63 S ndi F90, zomwe zimakoka ndi matayala onse anayi, zimafika pa masekondi 3.4. Ngati chokunyansani ndi chimenechi, kusintha kuli ndi phindu lomveka tsiku lililonse, makamaka nyengo ya dzinja. Chenjezo limodzi apa: wina akakunyengererani ndi E63 yakale ya W212 chifukwa chotsika mtengo, dziwani kuti 4MATIC, njira ya Mercedes yokoka ndi matayala onse anayi, pa mtundu umenewo inkaikidwa pa galimoto za chiwongolero cha kumanzere zokha. Zomwe zinagulitsidwa ku South Africa ndi ku Britain, za chiwongolero cha kumanja, zimayenderanso matayala akumbuyo okha. Mwasintha dzina pa boneti, vuto n'lomwe lija.

Ngati dandaulo ndi kuuma kwa galimoto m'misewu ya maenje, E63 S yoyambirira ikukhumudwitsani. Ili ndi mashoko a mpweya, koma anawaumitsa kwambiri, ndipo matayala ake amabweretsa phokoso lambiri mkati. Mercedes inafewetsako pa yokonzedwanso ya 2020. Pa zitatuzi, F90 wamba, osati ya Competition, ndiyo imameza bwino mabampu. Nayo giyabokosi imasiyana. F10 ili ndi M-DCT ya magiya 7 ya makalachi awiri, yomwe imanjenjemera pang'ono pa mzere wa magalimoto. E63 S ili ndi MCT ya magiya 9, yonyamukira kalachi yomira mu oyilo, ndipo nayonso imagwedeza poyenda pang'onopang'ono. F90 yokha ndiyo ili ndi otomatiki yeniyeni ya ZF ya magiya 8, yosalala ngati ya galimoto ya abwana. Munthu amene watopa ndi kugwedezeka kwa F10 pa N1 m'mawa ku Johannesburg, kapena pa mzere wa ku Old Town ku Lilongwe, asayembekeze kuti AMG imupumitsa.

Koma kunena zoona, anthu ambiri chimene chimawathamangitsa ndi mantha. Amva kuti injini ya F10, yotchedwa S63, imanoka, ndiye akufuna kuitaya isanawafere m'manja. Manthawo ali ndi maziko. Mabering'i a pa makoni rodi amadyeka, makamaka pa galimoto yomwe inkapondedwa oyilo asanatenthe, kapena yomwe oyilo ankasinthidwa pokhapokha kompyuta ikanena, patapita mtunda wautali. Bering'i imodzi ikazungulira pamalo pake imakanda kirankishafuti, zitsulo zimamwazikira mu injini monse, ndipo galimoto imakakhala pamiyala. Komabe iyi ndi nthenda yokhala ndi katemera. Mabering'i onse, zibenthu 16, amasinthidwa kudzera pansi injini ili momwemo: amatsitsa sabufulemu yakutsogolo, kuchotsa sampu, n'kuika atsopano pamodzi ndi mabawuti atsopano, chifukwa akalewo amatanuka akamangidwa ndipo sabwezeretsedwa. Amakanika odziwa galimoto zimenezi amalangiza kuchita ntchitoyi mtunda ukamayandikira 100,000, osadikira phokoso. Pofuna kudziwa momwe zilili, pa sevisi uzani makanika atambasule pepala la fyuluta ya oyilo padzuwa. Tizitsulo tonyezimira tikaoneka, musailizenso, ikwere pa lole.

Zina zonse za F10 zimachokera ku kutentha. Ma turbo ali pakati pa V, pamwamba pa injini, ndiye chilichonse cha labala ndi pulasitiki chapafupi chimauma n'kusweka: mapaipi a madzi opita ku ma turbo, mapaipi opumira injini, ndi masilo a mavalavu. Masilo akatha, galimoto imatulutsa utsi wabuluu ikaima nthawi yaitali ikulira kenako n'kupondedwa, ndipo imayamba kumwa oyilo. Mainjekita nawo akayamba kudontha amatsuka oyilo m'masilinda n'kusungunula wa mu sampu, zomwe zimafulumizitsanso kudyeka kwa mabering'i aja. Choncho ntchito ziwirizi ndi bwino kuziganizira limodzi. Onjezanipo mapulagi 8, makoyilo, oyilo wa giyabokosi ndi chivundikiro chake chapansi chomwe chimakonda kudontha, mulembe zonse pa pepala limodzi, mufunse mitengo m'magalaja awiri. Nambala imene mwapezayo ndiyo mtengo wokhala ndi galimoto yanu. Ndi yowawa, koma mukuidziwa, ndipo mbiri ya galimotoyo mukuidziwanso.

E63 S ija simukuidziwa, ndipo nayo ili ndi nthenda zake. Pa injini ya M177 ya E63 S, chofala kwambiri ndi zolekanitsa oyilo ndi mpweya wa mu injini. Zikatsekeka kapena kung'ambika, mpweya wa m'kati umasokonekera, ndipo silo yakumbuyo ya kirankishafuti imayamba kutaya oyilo. Siloyo payokha ndi kachipangizo kotchipa, koma kuti muifike muyenera kutsitsa giyabokosi yonse, ndipo mukasintha silo yokha n'kusiya zolekanitsazo, yatsopanoyo idonthanso. Poyendera galimoto, ikwezeni m'mwamba, muchotse zotchinga zapansi, muunike ndi tochi pamene injini yakumana ndi giyabokosi. Pakakhala chinyezi cha oyilo, mwapeza. Pakakhala poyera kwambiri kusiyana ndi pena ponse, wina watsukapo dzulo, ndipo muyendetse makilomita 30 n'kuyang'ananso. Mvetseraninso kamluzu injini ikamalira itaima.

Mashoko a mpweya amayesedwa ndi tepi. Madzulo yezani kuchokera pakati pa gudumu kufika pa mlomo wa madigadi, mbali zonse zinayi, mulembe. M'mawa yezaninso musanatsegule chitseko, chifukwa galimoto ikadzuka imadzipopa yokha n'kubisa umboni. Mbali yomwe yatsika ili ndi thumba lobowoka, ndipo kompuresa yomwe yakhala ikulimbana nalo nayo yatopa. Wogulitsa wokana kuti galimoto igone pamene mungaione m'mawa, kapena amene mumam'peza ataitenthetsa kale, wakuyankhani.

F90 ili ndi kavuto kooneka kakang'ono koma kowononga. Kathanki ka madzi oziziritsa injini kamang'aluka pa msoko, ndipo kali pamwamba penipeni pa makoyilo ndi mainjekita a mbali imodzi. Madzi amadonthera m'mabowo a mapulagi, injini n'kuyamba kudumphadumpha. Yang'anani zoyerayera ngati mchere pansi pa kathankiko. Musaiwalenso kuti F90 ili ndi injini ya banja lomwelo la S63, choncho mwambo wa oyilo watsopano pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 aliwonse, komanso kudikira kuti itenthe musanaiponde, sukuthera pa kusinthako.

Pa galimoto iliyonse mwa izi, lumikizani kompyuta ya kampani yake, ISTA pa BMW, XENTRY pa Mercedes, osati kamakina kam'manja kongofufuta manyali. Mtunda umasungidwa m'makompyuta angapo a galimoto, ndipo wobweza mita kawirikawiri amaiwalako imodzi. Funsaninso ngati pulogalamu ya injini inasinthidwapo kuti ionjezere mphamvu. Nkhaniyi ndi yaikulu kuno kwathu chifukwa cha petulo. Injini zimenezi zinapangidwira petulo wa 98, koma ku South Africa pa pampu amalekezera pa 95. Galimoto yosasinthidwa imadziteteza yokha pochepetsa mphamvu ikamva kugogoda. Yomwe wina anaikamo pulogalamu ya petulo wa 98 n'kumaithira wamba, masana a October, mapisitoni ake aona zambiri.

Yang'anani mtundu wa makalipa a mabuleki. Agolide pa BMW ndi amkuwa pa AMG amatanthauza madisiki a kaboni seramiki. Satulutsa fumbi lambiri ndipo amakhalitsa, koma kamwala kakalowa pakati pa disiki ndi kalipa, kapena wosintha tayala akamenyetsa limu pa m'mphepete, disikiyo yatha, ndipo mtengo wa anayi ungagule galimoto yaing'ono. Kutha kwake sikuoneka ndi maso. Amaichotsa n'kuiika pa sikelo, kulemera kochepetsetsa kunalembedwa pa disikipo. Kwa munthu woyenda m'misewu ya miyala ndi mchenga, madisiki achitsulo ndiwo anzeru.

Matayala nawo amasintha masamu. E63 S imavala 265/35 R20 kutsogolo ndi 295/30 R20 kumbuyo, chimodzimodzi F10 ya malimu a 20. Mbali mwa tayala lotere ndi mopyapyala ngati chikhatho, ndiye dzenje limodzi pa M1 limatupitsa tayala n'kupinda limu. Pa F10 mutha kusintha awiri akumbuyo okha. Pa galimoto yokoka ndi onse anayi, matayala ayenera kukhala a mtundu umodzi komanso otha mofanana, apo ayi kalachi yogawa mphamvu pakati imagwira ntchito nthawi zonse mpaka kupsa. Tayala limodzi likaphulika enawo atatha theka, mungagule awiri, mwinanso anayi. Ndipo zonsezi zilibe sipeya, zimangobwera ndi kabotolo ka guluu ndi kapampu, zomwe sizithandiza tayala long'ambika m'mbali. F10 ya malimu a 19 ili ndi mnofu wochulukirapo, ndipo iyi ndi mfundo yoikira kumbuyo galimoto yakaleyo. Inanso ndi thanki: F10 imanyamula malita 80, F90 malita 68 okha. Woyenda ulendo wa ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, kapena amene anagonapo pa mzere wa mafuta, akudziwa kufunika kwa malita 12.

Tsopano ndalama. Mawu oti "muwonjezere pang'ono" amabisa zinthu zinayi. Choyamba, wogulitsa amagula yanu pa mtengo wotsika n'kukugulitsani yake pa mtengo wokwera, ndiye funsani mitengo iwiriyo payokhapayokha, osati kusiyana kwake kokha. Chachiwiri, ngati F10 ikadali ndi ngongole ya kubanki, pemphani kalata yonena ndalama yotsekera ngongoleyo lero, kuphatikiza chindalama chomaliza chija chimene ambiri ku South Africa amachikankhira kumapeto. Ikaposa mtengo umene akukupatsani, yotsalayo amaiunjika pa ngongole yatsopano, ndipo mumalipira galimoto ziwiri mukuyendetsa imodzi. Chachitatu ndi inshuwalansi, yomwe imatsata mtengo wa galimoto. Chachinayi ndi sevisi yoyamba ya galimoto yachilendoyo: oyilo yense, wa injini, giyabokosi ndi madifu, mapulagi, mwina batire ndi matayala. Motorplan, dongosolo la BMW lolipirira sevisi ndi kukonza galimoto, imatha pakapita zaka 5 kapena makilomita 100,000, choncho F90 ya 2018 kapena 2019 yatulukamo kale pokhapokha mwini wake atawonjezera, ndipo pamenepo pemphani chikalata.

Kwa amene akuitanitsa galimotoyo kuti ilowe ku Malawi, pali msonkho wa MRA, womwe umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo 3,982 cc ya AMG kapena 4,395 cc ya BMW zonse zili m'gulu la injini zazikulu. Werengetsani msonkhowo galimoto isananyamuke. Yochokera ku South Africa ibwere ndi chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yobedwa. Kumbali yogulitsa F10, ogula galimoto yotere ku Lilongwe ndi Blantyre ndi owerengeka, amadziwana, ndipo madobadoba akangomva kuti mwaitanitsa kale ina amatsitsa mtengo. Gulitsani kaye, n'kuitanitsa pambuyo.

Mukaika mtengo wokonza ndi wosintha pamodzi, kawirikawiri kukonza F10 yosamalidwa bwino kumatchipa kwambiri kusiyana ndi kusintha, ndipo malisiti a mabering'i ndi mainjekita amadzakuthandizani tsiku logulitsa, chifukwa ndi funso loyamba la wogula aliyense wodziwa. Kusintha kumamveka ngati mukufunadi galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, kapena ngati F10 yanu yayamba kale utsi wabuluu pamwamba pa mabering'i, mabuleki ndi matayala, zonse nthawi imodzi. Zikatero, wokhala m'tauni ya mahampu ndi maenje atenge F90 ya malimu a 19, ndipo wofuna kulira kwa AMG afunefune E63 S ya 2020 kupita mtsogolo, yokhala ndi lisiti losonyeza kuti zolekanitsa oyilo ndi silo yakumbuyo zinasinthidwa limodzi.