Misoko ya chisoti yatsekeka: mpeni, heat gun ndi kuzizira kwa Julaye

Chisoti cha chovala chankhondo chimene ndikupanga kuti ndikavale ku chionetsero cha Comic Con Africa chagwirana tsopano. Misoko yonse inayi ya paliwombo yatsekeka, ndachifinya ndi manja awiri, ndachipinda uku ndi uku, palibe pomwe payasama. Chadya masiku 6 ndi mamati awiri a fomu ya EVA (fomu yolimba ngati ya mapatapata) ya mamilimita 10 omwe apita kudzala. Ndiye anzanga amene mukumata zanu muno mu Joni nyengo ino yozizira, imvani pomwe pankalakwika.

Chisotichi ndi cha zidutswa zinayi zokumana pamwamba pa mutu. Ukamata madzulo chimaoneka bwinobwino, koma kukacha umapeza msoko wayasama chakunja, mpata wolowa chikhadabo, pamene mkati mwagwirabe. Ambiri tikaona zotere timathamangira kunena kuti guluu ndi wachinyengo. Guluu analibe mlandu. Ndi Genkem yemwe uja wa kontaki, wamtundu umene omata nsapato amagwiritsa ntchito, ndipo chitini chomwecho ndi chimene chagwira lero.

Choyamba kulakwika chinali mpeni. EVA imabunthitsa lezala msanga kwambiri, mukadula mizere italiitali iwiri kapena itatu lafooka kale. Mpeni wobuntha sudula, umang'amba, ndipo m'mphepete mumatsala manyanyenyanye amene guluu sangawafanizitse. Thyolani kansonga kapena nolani pafupipafupi, ndipo dulani kamodzi mokoka, osati mocheka ngati nkhuni. Kapendekedwe ka mpeni nakonso n'kofunika. Zidutswa ziwiri zodulidwa chilili zimafuna kugona chafulati. Mukazikakamiza kuzungulira mutu, khungu lakunja ndi limene limakokeka, n'chifukwa chake msoko umayamba kutseguka kunja. Pendeketsani mpeni pang'ono, madigiri 10 kapena 15, kuti mudye kwambiri mbali yamkati. Mukatero zidutswazo zimakumana zitapindika kale mwa zokha. Madigiri 45 mbali zonse ziwiri ndi a ngodya yakuthwa ngati ya bokosi, pachisoti chozungulira amatulutsa mzera wotumphuka wosafunika.

Chachiwiri, kutenthetsa ukamata kale. Guluu wa kontaki akamva moto amafewa, ndiye heat gun, kachipangizo kouzira mpweya wotentha, ikadutsa pamsoko watsopano mwaumasula nokha. Pindani chidutswa chilichonse pachokha musanakhudze guluu: heat gun italikire masentimita 10 mpaka 15, iziyenda osaima malo amodzi, mpaka khungu la fomu lichite kung'anima pang'ono ndipo chidutswacho chilefuke. Kenako chikanikizeni pa bakuli lachitsulo lovundikira kapena pa mpira, gwirani mpaka chizizire, mwina mphindi imodzi. Fomu imafota pang'ono ikatenthedwa, choncho yerekezaninso ndi patani musanapitirire.

Koma chimene chadya masiku ambiri ndi chachitatu, nthawi yodikira guluu. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julaye kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu. M'kachipinda kakuseli ka simenti guluu amalimba ngati uchi wa m'botolo. Bulashi imamunyamula wambiri, amagona mochindikala, pamwamba n'kuchita kakhungu kouma pamene pansi pakadali madzi. Ukakhudza ndi chala umati wauma. Ukamata, mankhwala osungunulira guluu aja amatsekeredwa mkati mwa msoko, guluu amakhalabe wofewa usiku wonse, fomu n'kumadzikoka pang'onopang'ono kubwerera mmene inalili. Mphindi zimene zimalembedwa pachitini ndi za tsiku lofunda, osati za m'mawa wa ku Rosettenville.

Kuti nditsimikize ndinadula timizere 6 ta zotsalira, n'kumata tiwiritiwiri mosiyanasiyana. Tomwe ndinapaka kamodzi n'kudikira mphindi 5 tinasiyana ndi chala chimodzi. Topaka kamodzi n'kudikira mphindi 15 tinagwira, koma nditapinda tinayasama kunja. Topaka kawiri ndi tomwe tinakana: nditakoka mwamphamvu inang'ambika ndi fomu, msoko uli chigwirire. Chifukwa chake n'chakuti m'mphepete modulidwa muli timabowo totseguka, ulendo woyamba guluu amangomwedwa. Wachiwiri ndi amene amakhala pamwamba kudikira mnzake.

Ndiye ndondomeko imene yagwira ndi iyi. Chitini chikhale padzuwa kapena m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10 kuti guluu apepuke. Pakani mopyapyala mbali zonse ziwiri, ndi kachidutswa ka fomu m'malo mwa bulashi, kamafaniza bwino ndipo mukatha mumangotaya. Dikirani mphindi 15. Pakaninso mopyapyala, dikirani mphindi 20 mpaka 25. Yesani ndi kuseli kwa chala: pazimveka kunata pang'ono koma pasatuluke ulusi, ndipo kunyezimira kwa madzi kuzikhala kutatha. Ntchitoyi ichitike panja, pakati pa 11 koloko ndi 3 koloko masana. Nyengo yozizira ya kuno ndi youma ndiponso yadzuwa, imathandiza mukaipatsa mpata.

Apa ndinene mosabisa, abale. Musayerekeze kufulumizitsa guluu ameneyu ndi hita, mbaula kapena chitofu cha palafini m'chipinda chotseka mawindo. Mpweya wake umayaka, ndipo umalemera kuposa mpweya wamba, umayenda pansi kukapeza moto pomwe uli. Magetsi akazima musamate ndi kandulo. Kachophimba kumphuno ka pepala kamatchinga fumbi lokha. Pa guluu ndi penti yopopera pamafunika masiki ya mafyuluta a mpweya wa mankhwala.

Pomata, yambirani paliwombo kutsikira pansi, masentimita awiriawiri, ndipo muzifanizitsa khungu lakunja poyamba, mkati mutsatire. Timizere tofanizira tija timene timajambula pa patani, pakhale kamodzi pa masentimita 4 kapena 5 alionse, chifukwa guluu wa kontaki akangokhudzana palibe kubweza. Mbali imodzi ikaoneka kutalika, kokani yaifupiyo pang'ono kuti timizere tikumane. Mukatha, tembenuzani, kanikizani msoko kuchokera mkati pa tebulo lolimba, musiye tsiku lathunthu. Mkati ndamatamo kamzere ka fomu ya mamilimita 2, mulifupi masentimita 3, kutsatira msoko uliwonse. Ena amathira guluu wotentha wa mfuti ija. Amagwira ndithu, koma chisoti chikakhala m'galimoto yotseka padzuwa la Disembala amafewa.

Za patani, popeza chisoti choyambacho chinalinso chothina. Mukakulunga mutu ndi pulasitiki yokulungira chakudya ndi tepi n'kudula patani, mwayeza khungu lenileni, koma fomu ili ndi kuchindikala kwake. Pa fomu ya mamilimita 10, kuzungulira mutu kumafuna masentimita 3 owonjezera kuti mkati mukwane, ndipo ngati muikamo siponji kapena muvala wigi onjezeraninso. Gawani kuwonjezerako pa zidutswa zonse, musakuunjike pa chimodzi.

Kogula. Guluu, malezala, sandipepala ndi heat gun ndimatenga ku Builders Warehouse. Mamati olumikiza aja a pansi amapezeka m'mashopu ambiri a ku China Mall, koma kulimba kwake kumasiyana, ndiye kanikizani ndi chala chachikulu musanalipire. Imene ikulowa ngati buledi ndi yabwino pa zamkati zokha, siigwira mzera wakuthwa ndipo Dremel, kamakina kapamanja kopalira, imangoinyotsola. Mbali yake yokhala ndi timadontho kapena timizere ikhale mkati, ndipo pomwe pakudutsa guluu palani kaye mpaka pasalale. Ine ndimakonda kwambiri mashopu ogulitsa zipangizo za osoka nsapato: fomu imene amapangira mapatapata ndi EVA yomweyi, nthawi zambiri yolimba bwino ndiponso yosalala mbali zonse. Lasitiki, Velcro, malamba a nayiloni ndi tomangira tapulasitiki ngati ta pachikwama, Oriental Plaza ku Fordsburg simungabwereko chimanjamanja.

Timipata tating'ono totsala ndatseka ndi filler ya akiliki imene opaka penti amatsekera ming'alu ya m'khoma, kusalaza ndi chala chonyowa. Imafota ikauma, ndiye pamafunika maulendo awiri. Silikoni ayi, penti sigwirapo. Pokuta fomu isanapakidwe utoto, chapachifuwa cha chaka chatha chinakutidwa ndi guluu woyera wa matabwa maulendo anayi. Chinasalala mokongola, koma pomwe chimapindika m'nthiti panachita makwinya ndi ming'alu. Guluu woyera ndi wabwino pa zinthu zosapindika monga chishango. Pachisotichi ndipopera Plasti Dip, mankhwala opopera amene akauma amakhala ngati labala, maulendo atatu kapena anayi opyapyala, kusiya mphindi 30 pakati, chitini chitafunditsidwa m'madzi ofunda ngati guluu uja, apo ayi chimalavula madontho m'malo mwa nkhungu. Izi zikhale mutadutsitsa kale heat gun pakhungu lonse mofulumira kuti timabowo titsekeke, mosamala pamisoko.

Comic Con Africa, chionetsero chimene anthu amavalako ngati anthu a m'mafilimu ndi m'magemu, inayamba mu 2018 ku Kyalami, ndipo kuyambira 2022 yakhala ikuchitikira ku Johannesburg Expo Centre ku Nasrec. Cholinga n'chakuti chovala chonse chikafike kumeneko. Zatsala zapamapewa ziwiri, zapamikono, zapamiyendo, ndi lupanga la mita imodzi ndi theka lokhala ndi paipi ya PVC mkati. Lupangalo liyenera kumasuka pakati kuti lilowe mu takisi, mwina ndi cholumikizira cha mazinga cha mapaipi a madzi. Ndikulingaliranso chishango chachitali chotengera cha Angoni, mawanga a chikopa cha ng'ombe ojambulidwa ndi akiliki, ndi mizere ya chitenje yolembedwa pafomu ndi nsonga ya mpeni kenako n'kuitsegula ndi heat gun. Timagetsi ta LED m'maso mwa chisoti tilowamo ndikapeza poika batire posakanikiza nkhongo.