Zikomo anthu aku Masasa

Ndati ndithokoze pagulu anthu aku Masasa amene mwakhala mukusamala mlendo wathu, mtsikana waku Germany uja anabwera kudzaphunzitsa ana mongodzipereka. Mvula ya kuno ku Mzuzu mukuidziwa, kwina ikamasiya mu Malichi ife imapitirira mpaka Epulo kaya Meyi, ndiye njira zotsetsereka zaku Masasa zija zimaterera koopsa. Lachiwiri anagwa akutsika ndi chikwama cha mabuku, bondo kusupuka.

Mayi ogulitsa nthochi pamsewu paja munasiya malonda anu nkumutsuka bala ndi madzi ofunda, kumufunditsa chitenje chanu chomwe, kenako tiyi, chonsecho simumvana chilankhulo, iye amangoti "tawonga chomene" basi. Achimwene a kabaza inunso munamukweza nkumakankha njinga m'matope mpaka pa tala, ndalama munakana, Mulungu akudalitseni. Nanga agogo apanyumba pomwe amakhala, zovala zake siziuma ndi chinyezi ichi koma mumaziyanika pafupi ndi mbaula madzulo aliwonse, mumaonetsetsanso kuti wagona muneti poti udzudzu nthawi ino wachuluka, zimandikhudza zedi agogo.

Mabuku aja ana asukulu anatola onse, awiri okha ndi amene ananyowa. Lolemba mlendo wathuyu akubwerera mkalasi.