Tsaya likatupa ndipo mano akugwedera: zimene ofufuza anapeza pa khansa ya Burkitt

Mwana wa zaka 6 akayamba kugwedera mano, makolo sada nkhawa, chifukwa umenewo ndiwo msinkhu umene mano aubwana amaguluka. N'chifukwa chake mwana wa mnansi wathu atatupa tsaya, mano akumbuyo otafunira akugwedera, tonse tinangoti ndi dzino, ndipo ngakhale kuchipatala chaching'ono kumene anapita naye koyamba anazula dzino limodzi n'kumupatsa mankhwala opha tizilombo. Pasanathe milungu iwiri chotupacho chinali chitakula mpaka kuyamba kukankha diso, ndipo madokotala a kuchipatala chachikulu atapima kachidutswa ka chotupacho ananena kuti inali khansa ya Burkitt. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga mbiri ya matendawa.

Dzinali linachokera kwa Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni wa ku Ireland amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala ku Uganda. M'chaka cha 1957 anaona mnyamata amene anatupa nsagwada zam'mwamba ndi zam'munsi mbali zonse ziwiri, ndipo patangopita nthawi yochepa anaonanso mwana wina wotupa mofananamo, koma ameneyu anali ndi zotupa m'mimba. Atafufuza m'mabuku akale a chipatala, anazindikira kuti zimene madokotala ankaziyesa matenda osiyanasiyana a nsagwada, a impso ndi a diso zinali nthenda imodzi. M'chaka cha 1958 anafalitsa zimene anapeza pa ana 38, ndipo anzake opima minofu anatsimikizira pambuyo pake kuti inali khansa ya maselo oyera a m'magazi, amene ntchito yawo ndi kuteteza thupi ku matenda.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi funso limene Burkitt anadzifunsa kenaka. Analibe makina apamwamba kapena ndalama zambiri, choncho anafunsa funso limene akanatha kuliyankha: kodi nthendayi imapezeka kuti, nanga ndi kuti kumene sipezeka? Anatumiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwala ku zipatala za boma ndi za mishoni m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anayenda pa galimoto yakale ya Ford kwa milungu 10, mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, akuima pa zipatala zoposa 50. Ulendowu unadutsanso kuno, nthawi imeneyo dziko lathu likutchedwa Nyasaland. Anapeza kuti ku Uganda ndi madera oyandikana nako matendawa ankasowa m'malo okwera kupitirira mamita pafupifupi 1,500, pamene cha kuno kummwera malirewo anatsikira pa mamita pafupifupi 900. Choncho chimene chinkaika malire sichinali kukwera kwa malo pakokha ayi, koma kuzizira, ndipo mapu a West Africa anaonjezera mfundo ina yakuti kumalo ouma kwambiri nthendayi inalinso yosowa. Malo otentha ndi achinyontho ndiwo malo a udzudzu, ndipo ofufuza anayamba kuganiza kuti pali kachilombo koyambitsa khansa kamene kamafalitsidwa ndi tizilombo toluma.

Ganizo limeneli linali lolakwika mbali ina, komabe linabala zipatso. Mu March 1961 Burkitt anakakamba za matendawa pa chipatala cha Middlesex ku London, ndipo mmodzi mwa omvera anali Anthony Epstein, dokotala wofufuza za tizilombo toyambitsa khansa, amene anapempha kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupazo pa ndege kuchokera ku Kampala. Kwa zaka zoposa ziwiri sanapeze kanthu. Mu December 1963 ndege ina imene inanyamula kachidutswa kotere inakatera ku Manchester m'malo mwa ku London chifukwa cha chifunga, ndipo kachidutswako kanafika mochedwa, madzi amene kanasungidwamo atachita mbuu. Epstein atayang'ana pa maikulosikopu anapeza kuti madziwo sanaonongeke, koma anali odzaza ndi maselo amoyo a khansa amene anayoyoka pa ulendo wautaliwo. Maselowo anakula mu labotale, ndipo mu 1964 iye pamodzi ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong analengeza za kachilombo katsopano, kamene lero timakatcha Epstein-Barr, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu.

Posakhalitsa panabuka vuto. Ofufuza ena, Werner ndi Gertrude Henle a ku Philadelphia ku America, anasonyeza kuti kachilomboka kali paliponse, ndipo lero tikudziwa kuti anthu akuluakulu oposa 90 pa 100 alionse padziko lonse ali nako, kuti kamafala kudzera m'malovu osati mwa udzudzu, ndiponso kuti ana ambiri a mu Africa amakatenga adakali aang'ono kwambiri. Ngati pafupifupi aliyense ali nako, n'chifukwa chiyani khansayi imachuluka m'madera otentha okha? Yankho limene ofufuza anafikapo ndi malungo. Mwana amene amadwala malungo mobwerezabwereza, maselo ake oyera a m'magazi otchedwa B amakakamizika kuchulukana kawirikawiri, pamene chitetezo chimene chimaletsa kachilombo ka Epstein-Barr kufalikira chimafooka. M'kuchulukana kotereku nthawi zina chidutswa cha chromosome 8 chimaduka n'kukalumikizika pa chromosome 14 (ma chromosome ndi tizingwe ta m'kati mwa selo tosunga malangizo otchedwa majini), ndipo jini yotchedwa MYC, imene imalamula selo kuti ligawikane, imakhala yoyaka nthawi zonse. Kusinthana kwa zidutswaku kunadziwika m'zaka za m'ma 1970, ndipo mbali ya MYC inatsimikizika mu 1982. Ndicho chifukwa chake chotupa cha Burkitt chimatha kuwirikiza kawiri kukula kwake m'tsiku limodzi kapena awiri okha.

Dziko lathu laperekapo umboni wake pa nkhaniyi. Kafukufuku amene anachitika pa ana a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti ana amene magazi awo ankasonyeza kuti thupi lalimbana kwambiri ndi malungo komanso kachilombo ka Epstein-Barr anali pa chiopsezo choposa kakhumi poyerekeza ndi ana amene zizindikiro ziwirizi zinali zochepa. Pa chipatala chomwecho Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anakonza ndondomeko ya masiku 28 yogwiritsa ntchito mankhwala a khansa otchedwa cyclophosphamide pamodzi ndi methotrexate wobaya pamsana, ndipo pafupifupi theka la ana anali bwino patatha chaka.

Theka limenelo ndi lalikulu tikaganizira mmene zinthu zinalili, koma m'maiko olemera ana oposa 90 pa 100 alionse amachira, ndipo kusiyana kumeneku kumandipweteka, chifukwa nzeru zonsezi zinachokera m'nsagwada za ana a mu Africa. Sikuti mankhwala amphamvu sakudziwika. Vuto ndi lakuti mankhwalawo amagwetsa chitetezo cha m'thupi, ndipo mwana wonyentchera amene wafika mochedwa sangawapirire popanda magazi okwanira omuika, mankhwala amphamvu olimbana ndi tizilombo, chakudya chabwino ndi anamwino omuyang'anira usana ndi usiku. Ana ena amalekera mankhwala panjira chifukwa makolo asowa ndalama ya thiransipoti kapena ntchito ya kumunda yawapanikiza. Kwa ine, kafukufuku wofunika tsopano ndi wopeza mlingo wa mankhwala umene ana athu angaupirire, ndi wofupikitsa masiku a pakati pa kutupa koyamba ndi kupimidwa kwa chotupacho.

Pa mfundo yachiwiriyi ogwira ntchito za mano ali ndi udindo waukulu, pakuti mwana wotupa nsagwada nthawi zambiri amayambira kwa iwo. Dzino lochita mafinya kawirikawiri limakhala lobooka ndipo limapweteka kwambiri, pamene pa khansa ya Burkitt mano angapo abwinobwino amagwedera nthawi imodzi, nkhama zimafufuma, ululu umakhala wochepa poyerekeza ndi kukula kwa chotupa, ndipo mankhwala opha tizilombo sathandiza. Ana ambiri amayambiranso ndi kutupa mimba osati nkhope. Mwana wa mnansi wathu uja chotupa chake chinayamba kuphwa patangotha masiku ochepa atalandira mankhwala oyamba, ndipo amayi ake anakhala naye m'chipatala mpaka anamaliza ndondomeko yonse, ngakhale kuti kunyumba anasiya ana ena atatu m'manja mwa agogo awo.