Zomwe ndatola pa phunziro la NRC ndi INRIS

Sabata ino m'kalasi yathu ya malamulo tinali pa INRIS, dongosolo la boma la Zambia losunga mayina a nzika pa kompyuta pamodzi ndi zidindo za zala ndi chithunzi cha nkhope. Aphunzitsi anatiuza kuti aliyense atulutse NRC yake, chitupa cha unzika chobiriwira chija, n'kuiwerenga bwinobwino. Pali dzina, tsiku lobadwa, kenaka mudzi, mfumu ndi boma. Munthu wodziwa dziko lino akangoona dzina la mfumu, wadziwa kale mtundu wako.

Pa pepala zimenezi siziopsa kwenikweni. Chitupa chili m'thumba mwako, kope lake lili m'faelo ku ofesi komwe unalembetsa uli ndi zaka 16. Koma zonse zikalowa m'nkhokwe imodzi, wina atha kungolamula kompyuta kuti imupatse anthu onse a kwa mfumu yakutiyakuti okhala ku Matero mu Lusaka, ndipo mndandanda utuluka tiyi asanazizire. Ku Rwanda mu 1994 zitupa zolembedwa Hutu kapena Tutsi n'zomwe ankayang'ana pa marodibuloko, ndipo kunalibe ngakhale makompyuta otere.

Chimene chandikhala kwambiri m'mutu ndi nambala ya pa NRC. Polembetsa SIM amafunsa NRC. Kubanki, ku NAPSA ya penshoni, pa TPIN (nambala ya msonkho) ya ZRA, pa mobile money, paliponse ndi yomweyo. Woigwira nambala imodziyo atha kulumikiza amene umaimbira foni, ndalama zomwe unatumiza kumudzi ndi komwe umagwira ntchito. Komanso PIN ikabedwa umasintha, nanga chala usintha bwanji?

Mnzanga wina anatsutsa kuti popanda INRIS anthu azingotenga ma NRC awiriawiri, ena n'kumalandira feteleza wa FISP m'dzina la akufa. Sakunama ayi. Ine vuto langa ndi dongosolo la kayambidwe. Ku Kenya khoti linagamula mu 2021 kuti Huduma Namba, nambala yawo ya nzika ya pa kompyuta, anaiyamba mosatsata lamulo, chifukwa sanayambe aunika chiopsezo pa zinsinsi za anthu. Britain inathetsa makadi ake a zitupa mu 2010, nkhokwe yakenso n'kuiwononga mu 2011.

Kuno tili ndi Data Protection Act ya 2021, yomwe imapatsa munthu ufulu wofunsa zimene asunga zokhudza iye. Nkhani yanga ya mayeso ndiilemba pa kalaliki wokhala pa kompyutayo: akatsegula faelo ya mkazi amene anasiyana naye kuti adziwe komwe anasamukira, kodi makinawo amalemba kuti watsegula ndani, ndipo amawerenga zolembedwazo ndani?