Mercury amalowa bwanji mu mpunga?

Ine mercury ndinamudziwira mu themomita. Ndinaswa imodzi ndili mwana, timadontho tonyezimira tija tinangoti balala pansi n'kumagubuduka ngati tamoyo, ine busy kutithamangitsa ndi chala osadziwa kuti ndikusewera ndi poizoni. Ndiye nditamva zoti chinthu chomwechi chimapezeka mu mbewu mutu unandiima kaye, chitsulo chingafike bwanji mu njere?

Mu dothi amabwera ndi utsi wa malasha, zotayidwa za m'migodi, komanso okumba golide amene amamusakaniza ndi golide n'kumuwotcha kuti golide atsale yekha. Koma mercury wamba ameneyu mizu imamutsekereza, wambiri amathera konko osakwera. N'chifukwa chake chimanga ndi tirigu zolimidwa pouma sizitenga wochuluka kwambiri, ngakhale masamba amakokako wina wa mumpweya.

Pamene pagona nkhani ndi pa madzi. Munda wa mpunga umakhala wodzaza madzi kwa miyezi, pansi pa matopepo okosijeni mulibe, ndipo m'menemo ndi kwawo kwa mabakiteriya ena amene amatenga mercury uja n'kumusandutsa methylmercury. Uyu ndiye chigawenga chenicheni, mizu imangomulola kudutsa, amadikira kaye mu chomeracho kenako njere zikayamba kukhwima amasamukira momwemo. Mkati mwenimweni, osati pa gaga pokha, ndiye upunthe, utsuke kasanu, uphike mpaka kalekale, iye ali phee. Ndipo akalowa m'thupi amakafika ku ubongo, kwa mayi woyembekezera amadutsa mpaka kwa mwana ali m'mimba.

Ambirife tikamva mercury timaganiza nsomba, mwina chifukwa cha matenda a ku Minamata ku Japan omwe anadziwika mu 1956, anthu atadwala chifukwa chodya nsomba zokhala ndi mercury, mpaka pangano la mayiko la 2013 lolimbana ndi mercury linatenga dzina la tawuni imeneyi. Koma ku Wanshan m'chigawo cha Guizhou ku China, komwe akhala akukumba mercury kwa zaka mazanamazana, ofufuza anapeza kuti anthu methylmercury wambiri amamudyera mu mpunga, nsomba sadya kwenikweni kumeneko. Izi ndiye zinandidabwitsa heavy.

Njira imodzi yochepetsera vutoli ndi kuchotsako madzi m'munda nthawi zina kuti dothi lipume, mabakiteriya aja afooke. Chondikhumudwitsa n'chakuti dothi likauma mpunga umayamba kukoka cadmium wambiri, chitsulo china cha poizoni chomwe chimawononga impso, ndiye mlimi amayenera kuyezetsa kaye dothi lake kuti adziwe chomwe chilimo asanatsegule ngalande.